Galu akamangodzikanda, pakhungu pake pamakhala pakuchitika chiyani?

Usiku kukakhala zii ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chilinde, pamamveka kaphokoso kamene aliyense woweta galu amakadziwa: mwendo wakumbuyo ukugunda pasimenti mofulumira, unyolo ukulira, kenako galuyo n'kuyamba kudzitafuna pamwamba pa mchira kwa nthawi yaitali. Pakapita masabata angapo ubweya umayamba kuthothoka, khungu limada n'kukhakhala, ndipo oyandikana nawo nyumba akangomuona amati ndi mphere. Malangizo amabwera motsatizana. Wina akuti apakidwe oyilo wakutha wa galimoto, wina akuti asambitsidwe ndi dibu wa ng'ombe, wina akuti jekeseni imodzi ndi yokwanira, pomwe a pa WhatsApp akulimbikira kuti vuto ndi chakudya. Chimene chimasokoneza n'chakuti dzina limodzi la mphere timalipereka ku matenda angapo osiyana, ndipo mankhwala amene amachiza amodzi mwa matendawa akhoza kukulitsa ena.

Kuyabwa ndi chizindikiro chabe

Munthu akatentha thupi, achipatala sathamangira kumupatsa mankhwala a malungo asanamuyeze magazi, chifukwa thupi limatentha ndi malungo, chibayo, ngakhalenso dzino lowola. Kuyabwa kwa galu kuli chimodzimodzi. Pansi pa khungu pali timitsempha tapadera timene timadzutsidwa ndi timadzi tina timene thupi limatulutsa likaona kuti chinachake chalowa, ndipo timitsempha timeneti n'timene timauza ubongo kuti pakandidwe. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti timadzi totchedwa histamine ndi tokha timene timachita zimenezi, koma mu 2004 ofufuza anafotokoza za tina totchedwa IL-31, timene tapezeka kuti timagwira ntchito yaikulu pakuyabwa kwa agalu. N'chifukwa chake mapiritsi a Piriton, amene amaziziritsa ziwengo za munthu, nthawi zambiri amathandiza galu pang'ono chabe.

Khungu la galu ndi lopyapyala kuposa la munthu, ngakhale ubweya umatinamiza kuti ndi lolimba. Limagwira ntchito ngati denga la udzu lofoleredwa bwino, limene limatchinga mvula malinga ngati palibe wazulapo udzu. Zikhadabo ndi mano a galu amene akudzikanda zimazula udzuwo, tizilombo timalowera pobookapo, kuyabwa kumawonjezeka, ndipo galu amakandanso kwambiri. Malo amene akukanda amanena zambiri: kumbuyo kwa msana ndi pamwamba pa mchira kumaloza nthata, m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono kumaloza mphere yeniyeni, pamene kunyambita mapazi ndi kupukusa mutu chifukwa cha makutu kawirikawiri kumaloza ziwengo.

Nthata ndi utitiri

Nthata ndiyo iyenera kuganiziridwa poyamba, ngakhale mwini galu atalumbira kuti sanaionepo ndi imodzi yomwe. Mtundu umene umapezeka kwambiri pa agalu ndi Ctenocephalides felis, ndipo umaluma amphaka ndi anthu omwe. Yaikazi ikayamwa magazi imatha kuikira mazira 40 mpaka 50 patsiku. Mazirawo samata paubweya koma amagwera pamene galu amagona, pathumba, pamphasa yakale, m'ming'alu ya simenti kapena m'dothi la kuseri kwa khitchini, ndipo nyengo yotentha ngati ya Okutobala ndi Novembala amasanduka nthata zazikulu m'masabata 2 kapena 3 okha. Akatswiri amayerekezera kuti mwa nthata 100 zilizonse za pakhomo, pafupifupi 95 zimakhala pansi ngati mazira ndi timphutsi, ndipo 5 zokha n'zimene zimakhala pa galu. Amene anasungapo chimanga amadziwa kuti kupha nankafumbwe amene akuyenda pamwamba pa thumba sikupulumutsa chimangacho, chifukwa ana ake ali m'kati mwa njere. Kusambitsa galu n'kumubwezera pathumba lomwe lija n'chimodzimodzi.

Pali agalu ena amene thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, moti kulumidwa kangapo kokha kumawayabwitsa kwa masiku ambiri. Agalu otere amadzitafuna kwambiri mpaka kumeza nthata zonse, choncho munthu akawayang'ana sapeza kanthu. Njira yosavuta yodziwira ndi kumuimika galu papepala loyera lonyowa n'kumupesa kumsana motsutsana ndi ubweya. Timibulu takuda tonga tsabola woperapera tikagwera papepalapo n'kusungunuka mofiirira, timeneto ndi tuvi ta nthata, ndipo kufiirako ndi magazi a galuyo. Nthata zomezedwa zija zimanyamulanso njoka za m'mimba zaphanthiphanthi, zimene tizidutswa take timaoneka ngati mpunga pachimbudzi cha galu.

Pakhomo pamene pali khola la nkhuku pamabweranso utitiri, umene sudumphadumpha ngati nthata koma umakakamira malo amodzi, makamaka m'mphepete mwa makutu ndi pakati pa zala. Pamenepo kuchiza galu osasamala khola n'kutaya ndalama.

Mphere yeniyeni, ndi ina yofanana nayo

Mphere yeniyeni imayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kochepetsetsa moti sikaoneka bwino ndi maso. Kakakazi kamakumba tinjira pansi pa khungu n'kumaikira mazira m'menemo monga mmene mfuko imakumbira m'dimba la mbatata, ndipo m'masiku 17 mpaka 21 mazirawo amakhala atasanduka tizilombo tokhwima. Kale ku Ulaya anthu ankakhulupirira kuti mphere imachokera m'magazi oipa, mpaka mu 1687 pamene Giovanni Cosimo Bonomo ndi Diacinto Cestoni, ku Livorno m'dziko la Italy, anachotsa kachilomboka pakhungu la odwala, n'kukayang'ana pamaikulosikopu ndi kukajambula. Amenewa anali amodzi mwa matenda oyambirira amene chowayambitsa chinaoneka ndi maso a munthu.

Galu wa mphere imeneyi amakanda usana ndi usiku, ndipo amapatsira anzake mosavuta, makamaka agalu amene amakumana padzala kapena pothamangitsa yaikazi. Anthu a pakhomo akhoza kutuluka tizilonda toyabwa m'manja ndi pamimba, koma kachilombo ka galu sikaswana bwino pa munthu, choncho tizilondato timatha galu akachira. Dokotala wa ziweto amapala khungu ndi kampeni n'kuyang'ana zopalidwazo pamaikulosikopu, koma chifukwa tizilomboti timakhala tochepa, nthawi zambiri sitipezeka ngakhale tilipo. Palinso kachiyeso kena kakale: akatikita m'mphepete mwa khutu la galu wa mphere, mwendo wakumbuyo umayamba kupalasa wokha. Madokotala ambiri akakayikira amangoyamba kupereka mankhwala a mphere n'kuona ngati galu akusintha.

Ina ija imayamba ndi kachilombo kena, Demodex canis, kamene kamakhala m'timaenje momwe mumamera ubweya. Kachilombo ka mtundu umenewu kanafotokozedwa koyamba pa anthu ndi Gustav Simon ku Berlin mu 1842, ndipo ka agalu kanapatsidwa dzina mu 1859. Pafupifupi galu aliyense ali nako, chifukwa amakatenga kwa mayi ake m'masiku oyamba akuyamwa, ndipo sikavuta pokhapokha chitetezo cha m'thupi chikafooka. Alimi amadziwa kuti mbewu ya kaufiti imatha kukhala m'munda zaka zambiri, n'kudzapha chimanga pamene nthaka yaguga. Kagalu kosadya mokwanira, kodzaza njoka za m'mimba, kapena kochotsedwa kwa mayi ake kasanakwane masabata 8 monga timagalu tambiri togulitsidwa m'mphepete mwa msewu, n'kamene kamathothoka ubweya mozungulira maso, pakamwa ndi m'miyendo yakutsogolo. Mphere imeneyi sipatsirana, ndipo poyamba siyabwa kwenikweni. Ikakhala pamalo ochepa, timagalu tambiri timachira tokha tikamakula. Ikagwira galu wamkulu, dokotala amafufuza matenda ena amene afooketsa thupi.

Ndimafuna kunena pano kuti galu wopanda ubweya sindiye kuti ali ndi chiwewe. Ndaonapo ana akugenda galu wa mphere akufuula kuti ndi wachiwewe, ndipo zinandipweteka mtima, chifukwa matenda ake anali ochizika.

Za nyengo ya mvula

Kuyambira Disembala mpaka Epulo kumabwera vuto limene mabuku ambiri a kunja satchula n'komwe, la mphutsi za pakhungu. Ntchentche yotchedwa Cordylobia anthropophaga imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi pamene pali mkodzo kapena chimbudzi, komanso pazovala zonyowa, n'chifukwa chake makolo athu amalimbikira kusita ngakhale matewera. Timphutsi timadikira m'dothimo, timaboola khungu la galu amene wagona pamenepo, n'kukula m'kati kwa masiku 8 mpaka 12. Kagalu kathu kanatupa timatuza pamimba ndi m'miyendo mwezi wina wa Januwale, ndipo ine ndinkati ndi zithupsa. Mlangizi wa ziweto atabwera anandionetsa kuti pamwamba pa chotupa chilichonse panali kabowo kakang'ono. Anamatapo Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, anadikira pang'ono, kenako anafinya mofatsa m'mbali, ndipo munatuluka mphutsi yoyera yonenepa ikugwedezeka. Anatsuka zilondazo, n'kutiuza kuti tichotse unyolo pansi pa mtengo wa mango pamene kagaluko kankagona ndi kukodza malo amodzi.

Nkhupakupa siziyabwitsa kwambiri ngati nthata, koma zimasiya zilonda m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo choopsa chake chenicheni ndi matenda a m'magazi amene zimafalitsa, amene amayeretsa nkhama ndi kufiiritsa mkodzo. Mtundu wofiirira wa Rhipicephalus sanguineus umatha kuswana m'ming'alu ya khoma la nyumba ya galu. Palinso ntchentche zoluma zimene zimadya nsonga za makutu mpaka kutuluka magazi. Zipere zimayamba ndi fangasi, zimapanga zigamba zozungulira zosayabwa kwambiri, ndipo zimadumphira kwa ana amene amanyamula timagalu.

Ziwengo

Zonsezi zikathetsedwa galu n'kumakandabe, madokotala amayamba kuganizira za ziwengo. Mawu akuti allergy anayambitsidwa ndi dokotala wa ana Clemens von Pirquet ku Vienna mu 1906, akuti atopy, otanthauza ziwengo zachibadwa, anabwera mu 1923 kuchokera kwa Arthur Coca ndi Robert Cooke ku America, ndipo galu woyamba kufotokozedwa m'mabuku a zachipatala kuti amadwala ndi mungu wa zomera analembedwa mu 1941. Chitetezo cha m'thupi la galu wotere chili ngati mlonda amene amamenya aliyense wodutsa pageti, ngakhale mwana wa pakhomo pomwepo. Mungu wa udzu, nkhungu, ndi tizilombo tosaoneka timene timakhala m'fumbi la m'nyumba si zoopsa mwa izo zokha, koma thupi limazitenga ngati mdani. Khungu la agalu amenewa limakhalanso losatchinga bwino chibadwire.

Matendawa amayamba galu ali ndi miyezi 6 mpaka zaka 3, amayenda m'magazi a mtundu, ndipo amaoneka kwambiri pa German Shepherd, Labrador, Boxer ndi timagalu toyera ta mtundu wa terrier. M'mayiko amene anawerengera, amapezeka pa agalu 10 mpaka 15 mwa 100 alionse. Palibe chiyeso cha magazi chimene pachokha chimatsimikiza matendawa. Dokotala amafika pamenepo atachotsa zina zonse. Sachizikanso kotheratu, amangochepetsedwa. Njinga ya kabaza imayenda bwino ndi thumba limodzi la makala, imagwedezeka ndi awiri, ndipo imagwa ndi lachitatu. Galu wa ziwengo akhoza kupirira fumbi la Seputembala, koma nthata zochepa kapena sopo wochapira zovala zikawonjezekapo, khungu limagonja. Kutsitsa thumba limodzi nthawi zina n'kokwanira kuti agone tulo.

Ziwengo za chakudya zilipo, koma n'zochepa kuposa mmene amalonda a zakudya za agalu amanenera. Kumene kunafufuzidwa, zimene zimavuta kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku ndi tirigu. Njira yodalirika yodziwira ndi kumudyetsa galu ndiwo imodzi ndi chakudya chokhutitsa chimodzi zimene sanadyepo, monga nyama ya kalulu ndi mbatata, kwa masabata 8 osalawa china chilichonse, kenako n'kumubwezera chakudya chakale kuti aone ngati kuyabwa kubwerera. Zimenezi n'zotheka kwa galu wa kumpanda ku Area 47, koma n'zovuta kwambiri kwa galu wa ku Mtandire amene amazungulira madzala a anthu. Tisasokonezenso ziwengo ndi kuperewera kwa zakudya. Galu amene amangodya nsima ya madeya ndi mchere amakhala ndi ubweya wouma ndi khungu lofunduka chifukwa chosowa mafuta ndi zomanga thupi, ndipo kuwonjezera usipa kapena bonya m'phala lake kumasintha ubweyawo.

Matenda okwera pa anzake

Khungu likabooka, bakiteriya wotchedwa Staphylococcus pseudintermedius ndi yisiti yotchedwa Malassezia, zimene zimakhala pa galu aliyense mwamtendere, zimachulukana. Bakiteriya amabweretsa timatuza ta mafinya ndi zilonda zonyowa zimene zimakula tsiku limodzi, pamene yisiti imabweretsa fungo loipa, khungu lamafuta lakuda, ndi phula lambiri m'makutu. Izi zimayabwa pazokha, choncho galu akhoza kupitiriza kukanda nthata zitatha kale. Shampu ya chlorhexidine yosiyidwa pathupi mphindi 10 isanatsukidwe imathetsa zambiri mwa izi popanda mapiritsi, ndipo madokotala ayamba kuikonda chifukwa bakiteriya osamva mankhwala akuchuluka padziko lonse.

Mankhwala ndi mikangano yake

Jekeseni imene anthu ambiri amanena imakhala ya ivermectin. Mankhwalawa anachokera ku bakiteriya wa m'dothi la ku Japan, anayamba kugulitsidwa ngati a ziweto mu 1981, ndipo Satoshi Omura ndi William Campbell analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha iwo. Ndi omwewo amene akhala akugawidwa kwa anthu ku Thyolo ndi ku Mwanza polimbana ndi matenda ochititsa kusaona amene amafalitsidwa ndi tintchentche ta m'mitsinje. Ndi otsika mtengo ndipo amapha mphere yeniyeni akabwerezedwa monga dokotala wanenera, koma sathetsa nthata, sachiza ziwengo, ndipo amatha kukomola kapena kupha agalu a mtundu wa Collie ndi achibale ake, timagalu tating'ono kwambiri, ndi galu aliyense amene wapatsidwa mlingo wongoyerekeza ndi maso.

Dibu wa amitraz amapha nkhupakupa ndi mphere, koma mlingo wosungunulira wa ng'ombe si wa galu, ndipo akachuluka galu amawodzera, amadzandira, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono. Mankhwala odontheza pakhosi monga Frontline anabwera m'zaka za m'ma 1990, ndipo cha m'ma 2013 ndi 2014 kunabwera mapiritsi otafuna monga NexGard wa mwezi umodzi ndi Bravecto wa masabata 12, amene amapha nthata, nkhupakupa ndi mphere zonse ziwiri. Amagwira ntchito bwino, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa mabanja ambiri, ndipo mu 2018 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti agalu ena amanjenjemera kapena kugwa khunyu akamwa. Mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Prednisolone amaziziritsa kuyabwa pafupifupi kulikonse m'masiku ochepa, ndipo m'menemo ndi mmene muli ubwino ndi kuopsa kwake. Amapumitsa galu wovutika, koma amabisa chimene chikuyambitsa, amakulitsa mphere ya Demodex ndi zipere, ndipo akamwedwa nthawi yaitali galu amamwa madzi ambiri, amakodza pafupipafupi, minofu n'kumatha. Apoquel wa mu 2013 ndi jekeseni ya Cytopoint ya mu 2016 zinapangidwa kuti zitseke uthenga wa IL-31 uja popanda mavuto ambiri otere, koma n'zodula ndipo zimafunika kubwerezedwa moyo wonse.

Za oyilo wakutha palibe mkangano pakati pa madokotala. Amawotcha khungu, galu amamunyambita, ndipo poizoni wa mu oyiloyo amawononga ziwalo za m'kati. Chimodzimodzi mankhwala othira m'chimanga ndi m'munda, komanso Brufen ndi Panado zoperekedwa popanda dokotala. Mu Lilongwe muno muli chipatala cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, madokotala oima paokha, alangizi a ziweto a boma, ndi madokotala achinyamata amene akuphunzitsidwa ku LUANAR, moti kupala khungu n'kuyang'ana pamaikulosikopu si chinthu chosatheka.

Mafunso amene akadalipo

Zambiri zimene zili m'mabuku a matenda a khungu la agalu zinalembedwa poona agalu a ku Ulaya ndi ku America, amene amagona m'nyumba ndi kudya za m'mapaketi. Anthu ambiri amati agalu achikuda savutika ndi ziwengo ngati achizungu. Kodi n'chifukwa cha mtundu wawo, kapena chifukwa chokulira panja pakati pa tizilombo tosiyanasiyana, kapena kungoti safika kuchipatala ndipo nthata ndi mphere zimabisa ziwengozo? Akatswiri a padziko lonse sanagwirizanebe ngati khungu losatchinga bwino ndilo limayambitsa ziwengo kapena ziwengo ndizo zimawononga khungu poyamba, ndipo yankho lake lingasinthe mmene timagalu timasamaliridwira tisanayambe kudwala.

Alimi ena amasambitsa ziweto ndi madzi a masamba a ombwe kapena a nimu. Ombwe ali ndi mphamvu yopha tizilombo, yomweyo imene imaphanso nsomba, koma mphamvuyo imasiyana mtengo ndi mtengo, ndiye mlingo umene ungaphe nthata osavulaza kagalu konyambita ubweya wake ndi uti? Nkhupakupa za ng'ombe m'mayiko angapo a mu Africa zasiya kumva madibu ena, ndipo funso ndi lakuti nthata ndi nkhupakupa za agalu zidzapirira liti mapiritsi atsopanowa. Palinso funso la galu wochira amene akubwerera m'dera lodzaza agalu ongoyendayenda a mphere. Ena amati pa masiku a katemera wa chiwewe, pamene anthu amakhala pamzere ndi agalu awo, pakadaperekedwanso mankhwala a nthata ndi mphere, popeza mwini galu amakopeka ndi chinthu chimene akuona kuti chasintha. Ena amaopa kuti ndalama zochepa za katemera zingagawanike, chikhalirecho chiwewe chimapha anthu pamene mphere sipha. Atati aphatikizedwe, ndani angalipire mankhwalawo, ndipo ndani angafike kwa agalu amene alibe wowagwira chingwe?